Magazi Amene Sanali a Nércia

Domwe, Angónia
29 Agosto 2024

Okondedwa achimwene a Cassimiro,

Ndiyambe ndi moni, monga anatilelera amayi. Muli bwanji kumeneko ku Nacala? Alamu anga a Rosita ali bwanji, miyendo ija inasiya kutupa? Nanga ana? Ndamva kuti Ezequiel wakula mpaka wakupitirirani msinkhu, ngakhale kukupitirirani inuyo si ntchito yolemetsa.

Kuno tadzuka. Chisanu cha chaka chino chinatikwapula ndithu, nyemba za kudimba zinapserera zonse, koma kachewere wapulumuka ndipo tayamba kukumba.

Mudabwa kuti ine Páscoa ndalemba kalata chonsecho telefoni ili m'thumba. Ndayesa katatu kukuimbirani. Katatu konse mukangoti alo, lilime limauma, ndiye ndimayamba kubwebweta za mtengo wa adubu, feteleza uja. Komanso inu pa telefoni simulola munthu kumaliza mawu ake. Kalata simungaidule pakamwa. Ndaipatsira a Josias, dalaivala amene akubwera kumeneko ndi kamiyau, lole ya kachewere.

Nkhani ndi ya mzime wathu Nércia ndi khansa yake ya m'bere. Mtima usathamange, ali moyo. Pamene ndikulemba pano wakhala pakhonde, watsamira pilo, akusankha nyemba zambewu. Koma mawu amene ndinakuuzani mu Junho, akuti Nércia wachira, sanali oona, ndipo wochititsa zonsezi ndine. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto. Kukalipa mukalipe pambuyo.

Inu munabwerera kuntchito operasau itangotha, choncho simudziwa mmene chithandizo chake chakhala chikuyendera. Atachotsa bere lija anapeza kuti nthendayo inali itamwaza kale mbewu zake m'thupi. Dotora Inácia, mayi wamfupi wa magalasi amene amamuona ku Tete, anamulowetsa mu projetu yofufuza za mankhwala atsopano akumwa. Si aja odonthezera m'mitsempha amene anamuthothola tsitsi. Dotora anati aja amapsereza chilichonse chimene chikukula msanga m'thupi, chabwino ndi choipa chomwe, pamene awa amayang'ana chizindikiro chimene chili pa nthenda ya Nércia n'kukagwira pomwepo.

Ine ndi pakamwa panga ndinafunsa kuti nanga tidzadziwa bwanji kuti akugwira ntchito, popeza chotupa chooneka anachidula ndipo zotsalazo zabisala m'kati. Anayankha kuti magazi adzatiuza.

Achimwene, tamverani izi, chifukwa ine mpaka lero ndikazikumbuka tsitsi limanyenyera. Akuti nthendayi ikamakula imagwetsera tinyenyeswa take m'magazi, tosaoneka ndi maso. Ku mzinda kuli makina amene amawerenga kuchuluka kwake n'kutulutsa nambala. Munthu wabwinobwino nambala yake nthawi zambiri sipitirira 30. Mankhwala akamagwira, nambala imatsika. Ikayamba kukwera motsatizana, ndiye kuti mwina nthendayo yapeza njira yowazembera, ndipo dotora amayezanso zina n'kusintha mankhwala msanga, munthu asanayambe n'kumva ululu komwe.

Ndinamufunsa ngati zili ngati thumba la kachewere, loti mbatata ikaola pansi limayamba kunyowa kunja usanalimasule. Anaseka mpaka anavula magalasi, n'kunena kuti ndi momwemo, ndipo fanizo limenelo alibwereka.

Tsono masabata atatu aliwonse Nércia ankapita ku kachipatala ka kuno kufupi, anamwino n'kumutenga magazi timabotolo tiwiri. Timabotoloto ankatiika m'bokosi lozizira, n'kupita ku mzinda. Pakatha sabata, nambala inkabwera pa telefoni ya Nércia.

Yoyamba inali 240. Kenako 185. Kenako 130. Kenako 96. Ndinkazilemba kuseri kwa kalendala ya kutchalitchi, ndipo nthawi zina ndinkangoima n'kumaziyang'ana ngati wopenga. Mukukumbuka mmene amayi anafera? Bala la pabere limene tinkangoliti chilonda, tikuthira phulusa ndi masamba, mpaka kuwaika m'manda osadziwa dzina la chimene chawapha. Lero mwana wa amayi omwewo akudziwa ngakhale kulemera kwa nthenda yake, atakhala pakhonde pa Domwe. Ha! Ndinkati zoona Mulungu wawatsegulira anthu mutu.

Zinthu zinasokonekera kumapeto kwa Maio. Mankhwala aja ankamutsegula m'mimba, anaonda, akaima chizungulire. Amayi a m'mudzi muno akabwera kudzazonda ankamukoka chikope n'kumati taonani kuyera, amumaliza magazi mwanayu, munthu wodwala amamuwonjezera magazi, osati kumupopa. Ena ankanong'ona zoti magaziwo amakagulitsidwa. Ine ndinawazazira, ndinawauza kuti timabotolo tiwiri sitingadzaze ngakhale supuni zitatu. Koma mawu ali ndi njira yawo. Anatuluka pakhomo amayiwo, mawu awo anatsala m'mutu mwanga.

Tsiku lotenga magazi linafika kuli nkhungu yoti sungaone khola la mbuzi. Mwamuna wake, a Narciso, anali atapita kumalire ku Kalomwe ndi matumba a kachewere. Nércia anayesa kudzuka, anagwa pamphasa. Kumukweza panjinga yamoto kukanakhala kumupha. Anayamba kulira, akuti akajomba amuchotsa mu projetu ndipo mankhwala aja sadzawaonanso. Palibe amene anatiuzapo zimenezo, tinkangoziopa tokha.

Apa ndi pamene mlongo wanu wanzeru anaganiza nzeru zake. Mukukumbuka kumsasa wa othawa nkhondo ku Dedza? Tsiku lolandira ufa, munthu akadwala, m'bale wake ankatenga kartau, khadi la wodwalayo, n'kukaima pamzere, dzina likaitanidwa n'kuyankha. Inu nomwe munayankhirapo dzina la abambo miyezi iwiri atathyoka mwendo, ndipo palibe anati ndi kuba. Kuno mpaka lero timatero, kaya ndi pa ntchito youmba njerwa za tchalitchi, kaya pa mzere wa mbewu. Dzina la pabanja lisasowe woyankha, basi.

Ndinawonjezanso china. Nthawi ya operasau anapempha abale kuti apereke magazi, ine ndinapereka thumba lathunthu. Ndiye ndinati, magazi anga ali kale m'thupi mwa Nércia. Mayi mmodzi, bambo mmodzi, bere limodzi tinayamwa. Kusiyana kwake kuli pati? Paja amati safunsa anadya phula. Nambala ya telefoni ya dotora inali m'manja mwanga, koma sindinaimbe.

Ndinatenga kartau yake, ndinamanga duku lake lobiriwira lija, ulendo. Anamwino a tsiku limenelo anali achilendo, ndipo inu mukudziwa kuti ine ndi Nércia nkhope ndi imodzi, kungoti ine ndi wonenepa. Anaitana kuti Nércia Elísio, ine n'kuyankha kuti ndili pano. Ndinakumbukira ngakhale kupereka mkono wamanzere, poti Nércia anamuletsa kubayidwa kumbali imene anachita operasau. Namwino uja musamuimbe mlandu, ndinamupusitsa mwaluso ndithu.

Cholinga changa chinali kungosunga malo. Ndinkaganiza kuti nambala ibwera yofanana ndi zija zakale, kutsikako pang'ono kapena kukwerako pang'ono.

Patatha masiku asanu ndi atatu telefoni inalira tikusenda chimanga. Nércia anawerenga, n'kundipatsira. 17.

Achimwene, nthungululu imene anaimba mwanayo inamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Iye ankadziwa kuti mkono unali wanga. Koma anandikumbatira n'kumati magazi athu ndi amodzi, Mulungu wayankha, wayankha! Ine mtima unandiuza kanthu kena pansipansi. Ndinakaponda kanthuko ndi phazi. Ndinali nditatopa ndi mantha, ndipo 17 uja anali wokoma kuposa chilichonse chimene ndinalawapo.

Madzulo ake ndi pamene ndinakuimbirani. Munalira pa telefoni, inu amene simunalire ngakhale pa maliro a abambo. Kenako munati ngati zili choncho palibenso chothamangira, feriya yanu ya Julho, tchuthi chija, muisunthira ku Dezembro kuti tidzadyere limodzi Khirisimasi. Ine ndinavomera kuti ee, mwaganiza bwino.

A Narciso sitinawauze za mkono. Anapha mbuzi, n'kukapempha Misa yothokoza ku Fonte Boa kumene anamangitsira ukwati wawo. Theka la mudzi linapita, ena panjinga, ena pansi. Ine ndinavina patsogolo pa mzere wa zopereka, dengu la kachewere lili pamutu, anthu akundiloza kuti uyo ndi amene wasamalira m'bale wake mpaka kuchira.

Mukanakhala kuti mukundiweruza pa ulendo woyamba wokhawo, bwenzi ndikudziteteza, mukundidziwa. Koma pali wachiwiri.

Masabata atatu atakwana, Nércia ankatha kuyenda. Ankangodandaula msana, tonse n'kumati ndi ulendo wa ku Fonte Boa uja. Akanatha kupita yekha. Koma ine ndinamuuza kuti apume, ndipitanso ine. Sindinapite chifukwa chomumvera chisoni ayi. Ndinapita chifukwa ndinkaopa nambala imene ikanatuluka m'mkono mwake. Pamenepa ndiye pali tchimo langa, ndipo ndalilemba ndi dzanja langa kuti ndisadzalikane. Nambala inabwera 15.

Sipanapite masiku ambiri, Dotora Inácia anaimba yekha, akuti tibwere ku Tete tsiku lathu lisanakwane. Ine ndinati mwina akufuna kutiyamikira. Tinakwera chapa, minibasi zathu zakuno zija. Pa mabampu onse a msewu uja Nércia ankaluma nsalu, misozi ili chuchuchu, osatha kukhala mowongoka.

Dotora anamuyeza pasikelo, anamumvetsera pachifuwa, n'kuyamba kudina msana ndi chala, fupa limodzilimodzi. Atafika chapakati Nércia anakuwa. Dotora anakhala pansi, n'kuyala mapepala onse patebulo.

Kenako analankhula mofatsa. Anati nambala kutsika kuchoka pa 96 kufika pa 17 m'masabata atatu, iye sanazionepo, ndipo anafunitsitsa kusangalala nafe, n'chifukwa chake anadikira nambala yachiwiri. Koma anati botolo lachiwiri lija, limene ife sitinkalilabadira, limawerenga zina. Limawerenga asilikali a m'magazi, aja oteteza thupi. Munthu aliyense amene akumwa mankhwala amenewa asilikali ake amachepa, ndipo a Nércia anali ochepa kuyambira mwezi woyamba. Tsono m'mabotolo awiri omalizawa anali odzaza. Anati awa ndi magazi a munthu amene amadya bwino, amalima, ndipo sanamwepo m'bulu ngakhale umodzi wa mankhwala ake.

Anafunsa Nércia ngati anasiya kumwa. Nércia analumbira kuti sanaphonyepo tsiku. Dotora anati ndiye mwina mabotolo anasinthana panjira, ndipo ngati ndi choncho pali mayi wina kwinakwake amene walandira nambala yolakwika, komanso pali wantchito amene ayenera kufunsidwa. Atatero anatembenuka n'kundiyang'ana ine pamwamba pa magalasi.

Ine Páscoa, amene ndimagonjetsa osintha ndalama a pa Kalomwe ndi pakamwa pokha, ndinangopinda dzanja la juzi, n'kumuonetsa mkono. Kenako zonse zinatuluka, za nkhungu, za kumsasa, za thumba la magazi lija, za duku.

Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo kukanandipepukira. Koma mayi uja anangopuma mozama. Anati thumba limene ndinapereka nthawi ya operasau linapita mosungira magazi, mwina linapulumutsa mayi wina pobereka, ndipo sizikudziwika ngati dontho lake linalowapo mwa Nércia. Anati ngakhale likanalowa, magazi olandira amatha m'miyezi yochepa, thupi limapanga ake. Ndipo tinyenyeswa timene makina amawerenga sitichokera kwa mayi kapena kwa bambo, timachokera ku nthenda, ndipo nthendayo ili mwa Nércia yekha. Anati chibale chimathandiza pa zambiri, koma pa mzere uwu munthu amayankha yekha dzina lake.

Anatenga yekha singano, n'kumubaya Nércia ine ndikuona. Anamutumizanso kokajambula mafupa. Tinagona kwa msuweni wathu, m'mawa mwake tinabwerera kuchipatala, ndipo chakumasana zotsatira zinatuluka. 310.

Chithunzi chinaonetsa kuti nthenda yalowa m'mafupa awiri a msana. Dotora anati zikuoneka kuti mankhwala oyamba aja anasiya kugwira chakumapeto kwa Maio komweko. Magazi a Nércia anali okonzeka kunena zimenezo pa tsiku la nkhungu lija. Ine ndinawatseka pakamwa masabata asanu ndi limodzi.

Ndinagwada, achimwene, pa simenti ya mu ofesi muja. Ndinamupempha kuti andiuze chimodzi, kaya kuti msanawo ndathyola ndine, kaya kuti sindine. Anakana zonse ziwiri. Anati sanganene kuti mafupawo akanapulumuka, chifukwa mwina nthenda inali italowamo kale. Koma sanganenenso kuti palibe chimene chatayika, chifukwa akanadziwa akanasintha mankhwala msanga. Anandidzutsa ndi dzanja n'kunena kuti bodza lakwana lomwe lija, iye sawonjezerapo lina.

Tisanatuluke ndinapempha chinthu chopusa. Ndinati ndikufuna kuwaona makinawo. Anandiperekeza pa khonde lina, n'kundiimika pa zenera lagalasi. Ndinkayembekeza chinthu chachikulu choopsa, chophokosera ngati chigayo. Ayi ndithu. Ndi bokosi loyera, lotalika kufika m'chiuno, likungong'ung'udza pang'onopang'ono, timabotolo tikuyenda pa mzere m'kati mwake, kadzanja kachitsulo kakuviika mlomo m'kamodzikamodzi.

Ndinaima pamenepo thupi lonse litachita tsembwe. Anamwino ndinawapusitsa. A Narciso ndinawapusitsa, inu, abambo mfumu, mudzi wonse, ngakhale mtima wanga womwe. Koma timadontho timene ndinasiya m'botolo tinayenda ulendo wonse uja, kutsika mapiri mpaka ku Tete, n'kukanena zoona zokhazokha: kuti mwini wake amadya bwino, kuti samwa mankhwala, kuti si Nércia. Chinthu chopanda maso chinandizindikira. Ndiye ndinati, ngati anthu aphunzira kuwerenga zotere m'kadontho, nanga Iye amene anazilembamo amawerenga zochuluka bwanji? Ndinachita mantha, koma anali mantha aja umamva pa nthawi yokweza Ukaristia, ofuna kugwada osati kuthawa.

Dotora anati nkhaniyi sangaibise, ayenera kuilembera akuluakulu a projetu, chifukwa nambala zanga ziwiri zinali zitalowa kale m'mabuku awo ndipo zikanasokoneza zimene akuphunzira pa amayi ena. Chimene ndinkaopa pa tsiku la nkhungu, choti Nércia achotsedwa, tsopano ndinali nditachiitana ndekha. Tinadikira masiku anayi. Yankho linabwera kuti apitirize, koma azionetsa chiphaso cha chithunzi pobayidwa, ndipo womuperekeza asakhalenso ine. Anatiuzanso kuti tsiku limene walephera kuyenda tizingoimba telefoni, amasuntha tsiku popanda vuto. Mwamva? Kungoimba basi.

Anamuyambitsa mankhwala ena. Dotora sanatibisire kuti amenewa ndi omaliza amene projetu ili nawo. Akapanda kugwira, chotsala ndi mankhwala oletsa ululu.

Titafika kunyumba ndinawauza a Narciso ndekha, Nércia ali pomwepo. Mukuwadziwa alamu anu, munthu wosachuluka mawu. Anamvetsera mpaka kumapeto, anadzuka, anatenga khasu n'kupita kudimba. Anagaula tsiku lonse malo amene anali atagaula kale. Kuyambira pamenepo amandipatsa moni wam'mawa ndi wamadzulo, mwaulemu wake wonse, koma osapitirira apo. Sindikuwadandaula. Anaima pamaso pa mpingo kuthokoza Mulungu chifukwa cha magazi a mlamu wawo.

Nércia ndiye anandidabwitsa. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinayamba kulira n'kumapepesa, mwina kakhumi. Anandiwaza madzi kumaso. Anati, iwe Páscoa, chilichonse umafuna chikhale chako, ngakhale tchimo ukufuna kulisenza wekha ngati thumba lako la kumsika? Anati iyenso ankadziwa. Anati pamene ankaimba nthungululu ija msana unali utayamba kale kumuluma, koma anafuna kukhala munthu wochira ngakhale kwa mwezi umodzi, kuti alawe mmene zimakomera. Ndipo anati zinakomadi, sakana. Tinaseka tili m'bafa muja, kenako tinalira tonse.

Magazi oyamba pa mankhwala atsopano anatengedwa kumapeto kwa Julho. A Narciso anamukweza okha panjinga yamoto, atamumangirira ndi chitenje kumsana kwawo, akuyenda pang'onopang'ono moti a njinga zakapalasa ankawapitirira. Nambala inabwera 298. Kuchoka pa 310 kufika pa 298, ine ndinati si kanthu. Dotora anati tisafulumire, poyamba nambala imatha kuima kapena kukwera kumene, yachiwiri ndi imene idzatiuze njira.

Masabata atatu amenewo sindinawaonepo kutalika kwake. Ndinkakumba kachewere n'kumabaya mbatata ndi khasu ngati mwana wophunzira kumene. Telefoni ya Nércia ikalira, ngakhale ndi uthenga wa anthu otsatsa malonda, tonse tinkaima ngati tagwidwa ndi mphezi. Kawiri konse ndinatenga pepala kuti ndikulembereni, n'kulibweza. Ndinkati ndidikire ndidziwe ngati ndikukuitanirani kudzaona wodwala kapena kudzatsanzika.

Dzulo chakum'mawa tinali pabwalo tikusankha mbatata, zazikulu uku, zambewu uku. Telefoni inalira. Nércia sanaitsegule, anapatsira a Narciso. Iwo anapukuta manja pa buluku, kawiri, n'kuwerenga mokweza. 204.

Palibe anaimba nthungululu. Nércia anati awerengenso, anawerenganso. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana, kuti kodi imeneyi ndi yangadi? A Narciso anati ndi yako, ndinaona ndi maso angawa singano ikulowa m'mkono mwako, ndipo botolo ndinaliperekeza mpaka m'bokosi. Apo Nércia anatseka maso n'kuyamba Atate Athu, ife n'kutsatira, titagwada pakati pa milu ya kachewere. Kam'bulu kochepa ngati nyemba, kopangidwa kutsidya kwa nyanja ndi anthu amene sadziwa kuti kuli Domwe, kakumenya nkhondo m'kati mwa fupa la mng'ono wanga, ndipo magazi ake akutibweretsera uthenga wa mmene nkhondoyo ikuyendera. Ndakhala zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, chodabwitsa choposa ichi sindinachione.

Masana dotora anaimba. Anati mankhwala agwira, ndipo mawu ake ankamveka kuti nayenso wasangalala. Koma anati tisamve zimene sananene. 204 si kuchira. Nthenda ya m'mafupa sichoka, amangoigwira kuti isathamange. Ikhoza kugwirika zaka, ikhozanso kupulumuka pakatha miyezi, ndipo iye alibe njira yodziwira kupatula kufunsa magazi masabata atatu aliwonse. Khasu ndiye Nércia asaligwirenso. Ndinamufunsa, poti kufunsa ndaphunzira tsopano, kuti tili ndi mchimwene wathu kutali amene akuti abwera mu Dezembro, kodi adikire mpaka nthawiyo? Anati panopa Nércia akuyenda, akudya, akuseka, ndipo amene akufuna kumuona ali choncho asawerengere miyezi imene palibe amene wamulonjeza.

Nércia ndi amene anandituma kulemba. Ndinamuuza kuti alembe yekha, poti dzanja lake ndi lokongola kuposa langa. Anakana. Anati amene anaimba telefoni ija ndi amene akonze.

Tsono achimwene, pempho langa ndi ili. Dezembro uja munamusankha chifukwa cha mawu anga, ndipo mawu angawo anali abodza. Masabata asanu ndi limodzi ndinamubera Nércia, amenewo sindingawabweze, madzi akatayika saoleka. Koma musalole kuti ndikubereninso inu miyezi inayi. Pitani kwa akuluakulu a kuntchito kwanu, aonetseni kalata ino ngati pafunika, manyazi anga asakuvuteni. A Josias abwerera kuno pakatha masiku asanu, ndipo ndawauza kale kuti akusungireni malo kutsogolo.

Sindikupempha kuti mundikhululukire m'kalata kapena pa telefoni. Ndinu mwini mbumba, muli ndi mawu oti mundiuze ndipo ndi oyenera. Bwerani mudzandikalipire pamaso, pabwalo pano, mokweza mmene mungathere. Nércia akuti akufuna adzakhale pakhonde n'kumaonerera, chifukwa chibadwire sanaonepo munthu akunditseka pakamwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Rosita, muwauze kuti nawonso akamva kanthu kachilendo m'bere asadikire. Moni kwa Ezequiel ndi azing'ono ake onse. A Narciso akupereka moni. Nércia akuti mumubweretsere nsomba youma ya kunyanja, yamchere wambiri ija, ndipo akuti musatumize, mubwere nayo.

Ambuye akusungeni, akuyendetseni bwino pamsewu, ndipo atisunge tonse mpaka tionane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Páscoa Elísio